Musanagule Njinga Yanu Yoyamba ya Mpikisano

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ICHEPE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero nkhani ndi ya njinga. Sindikunena njinga imene tonse tinakulira, ya keriyala kumbuyo, imene lero yanyamula thumba la chimanga, mawa yanyamula wodwala kupita naye kuchipatala. Imeneyo ulemu wake tikuudziwa. Ndikunena njinga ija yowonda, yopepuka, ya handulo yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, imene ogulitsa amati road bike, ambirife timangoti njinga ya mpikisano.

Mukadzuka m'mamawa Loweruka ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka, muziona zikudutsa m'timagulu, eni ake atavala mahelemeti, abambo ndi amayi omwe. Ena mwa inu mwakhala mukuzisirira. Ena munkapalasa kale muli pasukulu, kenako kunabwera ntchito, banja ndi galimoto, ndiye lero kuchipatala akuuzani kuti shuga kapena BP yayamba kukwera, muyambe kulimbitsa thupi. Achinyamata ena mtima unadumpha mu 2024, pamene Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana zigawo 3 za mpikisano wa Tour de France n'kutenganso jezi yobiriwira. Enanso munaonera mu Sepitembala 2025, pamene mzinda wa Kigali ku Rwanda unachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga zamumsewu, ulendo woyamba kuti uchitikire mu Africa. Kaya chakukokani n'chiyani, ndalamazo mwazisunga movutikira, ndipo ine ndikufuna zigule njinga imene muzipalasadi, isakathere pakhoma mwezi usanathe.

Maganizo anga ndiwanene poyamba pomwe. Njinga yoyamba ikwane thupi lanu, ipirire misewu yathu, ndipo ikawonongeka ikonzeke kwanu komweko. Dzina lolembedwa pafelemu, kukongola kwa penti ndi kupepuka kwake zimabwera pambuyo penipeni.

Dzifunseni kaye ngati mukufunikadi njinga yotereyi. Inapangidwira msewu wa phula ndi liwiro. Yotsika mtengo imalemera makilogalamu 9 mpaka 11, pamene ya kabaza nthawi zambiri imafika 20. Koma siinyamula katundu, siinyamula mnzanu, ndipo mumchenga imatitimira. Ngati kuchoka panyumba panu kukafika pa tala pali ulendo wautali wa fumbi ndi miyala, gulani mauntini kapena njinga imene amati gravel, ya handulo yopindika yomweyo koma matayala onenepa. Palibe chamanyazi pamenepo. Koma ngati phula lili pafupi ndipo mtima wanu uli pa maulendo ataliatali, tiyeni tipitirize.

Tiyambe ndi saizi, chifukwa apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimalowera m'madzi.

Njinga wamba timabwerekana mudzi wonse. Wamtali akwera, wamfupi akwera, mwana alowetsa mwendo pansi pa chitsulo n'kumapita. Njinga ya mpikisano siilola zimenezo. Munthu amakhalapo atawerama maola awiri kapena atatu, miyendo ikuzungulira kambirimbiri pa mphindi iliyonse, ndiye kalakwika kakang'ono ka saizi kamabwerezedwa mpaka kusanduka ululu. Mafelemu amayezedwa m'masentimita: 49, 52, 54, 56, 58, kumapita m'mwamba. Makampani ena amangolemba S, M ndi L. Mongoyerekeza, munthu wotalika mita 1.65 mpaka 1.70 amakwanira pa 52, wa 1.70 mpaka 1.78 pa 54, ndipo 56 ndi 58 ndi za anthu ofika 1.80 kapena kuposa. Makampani amasiyana kayezedwe, choncho manambalawa ndi poyambira chabe, womaliza kuweruza ndi thupi lanu mutakwerapo.

Pali muyezo wina wofunika kuposa kutalika kwanu, ndipo mungaupeze kunyumba. Vulani nsapato, imani motsamira khoma, tengani buku lachikuto cholimba, liikeni pakati pa miyendo n'kulikokera m'mwamba molimba, mmene chishalo chimakhalira. Wina ayeze ndi tepi ya telala kuchoka pansi kufika pamwamba pa bukulo. Tinene kuti mwapeza masentimita 80. Chulukitsani ndi 0.883. Njira imeneyi inatchuka ndi Greg LeMond wa ku America, amene anapambana Tour de France katatu, mu 1986, 1989 ndi 1990. Yankho lake ndi pafupifupi masentimita 71, ndipo kumeneko ndiko kutalika kwa chishalo chanu, kuyeza kuchoka pakati pa chitsulo chimene mapedulo amazungulirapo kufika pamwamba pa chishalo. Ngati masamu akuvutani pamsika, njira ina ndi iyi: khalani pachishalo, ikani chitendene papedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendekeke. Mukabwezera phazi pamalo pake, bondo lizikhala lopindika pang'ono.

Ambiri obwerera ku njinga amafuna kuti atakhala pachishalo mapazi onse aziponda pansi. Ndikumvetsa, mantha a kugwa ndi enieni. Koma chishalo chotsika chimapweteketsa mawondo kutsogolo ndipo chimadya mphamvu pachabe. Poima, phunzirani kutsika pachishalo n'kupita kutsogolo. N'chifukwa chake mukaimirira mutaipanira njinga, pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba pazikhala mpata, ngakhale wa zala ziwiri.

Tsono mvetserani bwino apa. Njinga zambiri za kaunjika zimachokera kumayiko a anthu ataliatali, ndipo mupeza 58 kapena 60 yokongola, pa mtengo wokopa. Mukakwera n'kuona kuti yakula, wogulitsa adzakuuzani kuti, "Bwana, imeneyi ndi yanu, tingotsitsa chishalo." Musavomere. Kutsitsa chishalo sikufupikitsa felemu. Handulo ikhalabe kutali, muzidzitambasula kuti mufikire mabuleki, zigongono zitawongoka gwa, khosi litapindikira m'mwamba kuti muone msewu. Pakatha ola limodzi manja achita dzanzi, khosi lauma, msana ukuwawa, ndipo mudzaganiza kuti masewerawa si a msinkhu wanu, pamene vuto ndi masentimita anayi okha a chitsulo. Pa njinga yokukwanani, manja amagwa okha pamwamba pa zogwirira mabuleki, zigongono zitapindika pang'ono, mapewa ali omasuka. Ngati muli pakati pa masaizi awiri, tengani yaing'ono. Yaing'ono pang'ono mmisiri angathe kuitalikitsa posintha kachitsulo kogwira handulo. Yaikulu ilibe mankhwala. Amayi ndi atsikana, amene ambiri manja awo ndi aang'ono, ayesenso ngati zala zikufika pa mabuleki popanda kuvutikira.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya masewera ndi thanzi, ndipo tikukamba za kugula njinga yoyamba ya mpikisano. Tsopano tiyeni tiwerame tione matayala.

Pambali pa tayala lililonse palembedwa manambala awiri olumikizidwa ndi kamzere, mwachitsanzo 28-622. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiriyo ndi kukula kwa limu. Njinga za mpikisano za masiku ano zimagwiritsa ntchito 622, saizi imene imatchedwanso 700C. Njinga yathu ya kabaza, imene timati ya 28, limu yake ndi 635. Mauntini ya 26 ndi 559. Njinga zina zakale za mpikisano, zolembedwa 27, ndi 630. Matayala amenewa salowana, ngakhale mutakoka ndi sipanala. Chosokoneza n'chakuti matayala ena a 622 amalembedwanso kuti ndi a mainchi 28, ndiye munthu amapita kugolosale ya zipangizo, kunena kuti "ndipatseni la 28," n'kubwerako ndi tayala losalowa. Werengani nambala yachiwiri ija, ndiyo siinama. Ndipo mukaona njinga yakale ya 630, funsani kaye kumene mudzagule tayala lake likatha, chifukwa ndi osowa.

Pa kunenepa, kale anthu ankakhulupirira kuti tayala lowonda kwambiri, la mamilimita 23, ndilo lothamanga. Masiku ano ngakhale akatswiri a mipikisano ikuluikulu akuyendera 28 kapena 30, chifukwa zaoneka kuti pamsewu wosasalala tayala lonenepa pang'ono silidumphadumpha, limagwira pansi, ndipo silichedwetsa. Nanga ife, ndi maenje athu, mahampu, m'mphepete mwa tala modyekadyeka, magalasi osweka ndi minga? Kwa ine, 28 ndiye poyambira, ndipo 32 ndi yabwino koposa. Vuto n'lakuti mafelemu ambiri akale salola tayala loposa 25. Choncho musanalipire, suzumirani pamene tayala limadutsa mu foloko ndiponso kumbuyo pafupi ndi mapedulo. Ngati mpata wake ndi wothina moti ngakhale kamwala kakang'ono kangakodwe, dziwani kuti njinga imeneyo mudzakhala nayo pa matayala owonda moyo wake wonse.

Mpweya nawo uli ndi nkhani yake. Chubu cha njinga zimenezi chili ndi valavu yowonda, yaitali, ya kanati kumutu kofunika kumasula musanapope. Amaitcha Presta. Pampu ya pa shedi ya okonza njinga nthawi zambiri siilowapo, pokhapokha mutakhala ndi kachitsulo kolumikizira, kotsika mtengo, koyenera kuyenda nako m'thumba. Munthu wa makilogalamu 70 pa tayala la 28 amapopa pafupifupi mabaa 5, ndipo mlingo wosayenera kupitirira walembedwa patayala pomwepo. Mpweya ukachepa n'kugunda dzenje, chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi mwala, n'kubooka timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo tiwiri totero, musaimbe mlandu minga, vuto ndi mpweya. Matayala owonda amaphwa okha pakapita masiku ochepa, ndiye dinani ndi chala tsiku lililonse musananyamuke.

Za felemu sinditaya nthawi. Pali ya chitsulo, ya aluminiyamu, ndi ya carbon. Yachitsulo imalemera pang'ono koma imapirira, ndipo ikathyoka wowotcherera waluso angathe kuilumikiza. Ya aluminiyamu ndi yopepuka, siichita dzimbiri lofiira lija, ndipo ndiyo yofala pa njinga zoyambira, koma ikang'aluka kuikonza kwake n'kovuta. Ya carbon ndiyo ya akatswiri, yodula, ndipo ikagundidwa imatha kusweka m'kati penti ali bwinobwino. Carbon ya kaunjika, imene simukudziwa kuti inagwa kangati, ine sindingakulangizeni kuti ikhale njinga yanu yoyamba. Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, la UCI, linakhazikitsa mu 2000 lamulo loti njinga ya pampikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, ndipo anthu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti ayandikire nambala imeneyo. Koma tawerengani: inu ndi njinga pamodzi mukulemera mwina makilogalamu 80. Kilogalamu imodzi imene mwalipirira pawiri ndi kachigawo kamodzi kokha pa 80. Ndalama imeneyo ikanagula matayala abwino.

Magiya ndiwo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa dziko lathu ndi lamapiri.

Zipangizo zambiri zimene muzipeze ndi za kampani ya Shimano, imene inayamba mu 1921 mumzinda wa Sakai ku Japan. Ziliponso za SRAM ya ku America ndi Campagnolo ya ku Italy, zabwino ndithu, koma masipeya ake kuno ndi osowa. Za Shimano zili m'magulu. Kawirikawiri Claris imakhala ndi magiya 8 kumbuyo, Sora 9, Tiagra 10, ndipo 105 ili ndi 11 kapena 12. Pamwamba pake pali Ultegra ndi Dura-Ace. Wogulitsa adzakuuzani kuti magiya ambiri ndiye njinga yabwino. Zoona zake n'zakuti magiya akamachuluka, tcheni chimawonda, chimadula mtengo, ndipo chimasowa. Tcheni cha magiya 8 n'chofanana ndi cha mauntini zambiri zimene zadzaza m'matauni mwathu, mmisiri aliyense wachigwirapo. Cha 12 mukhoza kudikira mwezi kuti wina akubweretsereni kuchokera ku Johannesburg, njinga ili chiimire. Kwa woyamba, 8 kapena 9 ndi zokwanira. Za magiya osintha ndi magetsi, zisiyeni kaye.

Chofunika kuwerenga si kuchuluka kwa magiya, koma mano. Gwadani pansi muwerenge. Kutsogolo, pamene pali mapedulo, pali magudumu awiri a mano. Njinga zakale za akatswiri zimakhala ndi mano 53 ndi 39, ndipo kumbuyo gudumu lalikulu kwambiri limakhala la mano 23 kapena 25. Pa giya yofewa kwambiri ya njinga yotero, 39 kutsogolo ndi 23 kumbuyo, mukazungulitsa mapedulo kamodzi mumayenda pafupifupi mamita 3.6. Pamalo athyathyathya zili bwino. Koma taganizani mukukwera kuchoka m'tauni ya Zomba kupita ku Ku Chawe, kapena kuchoka pa Thabwa kulowera ku Blantyre, kapena Khwekhwelere, kapena Chiweta. Kukankha thupi lanu mamita 3.6 pa chitunda chotero ndi kupalasa kumodzi, miyendo imene yakhala zaka osagwira ntchitoyi iuma, mawondo alira, mutsika n'kuyamba kukankha. Tsono funani njinga ya mano 50 ndi 34 kutsogolo, ndipo kumbuyo lalikulu likhale la 32 kapena 34. Pa 34 ndi 32, kupalasa kumodzi ndi pafupifupi mamita 2.3. Mukwera pang'onopang'ono, inde, koma mukwera muli pachishalo, mukupuma bwino, ndipo mawa mudzafunanso kubwerera.

Pamenepa ndikumbuke kankhani kakale. Mpikisano wa Tour de France unayamba mu 1903, koma chipangizo chosinthira magiya uku ukuyenda chinaloledwa kwa onse mu 1937. Izi zisanachitike, wopalasa akafika patsinde pa phiri ankatsika, kumasula gudumu lakumbuyo, kulitembenuza kuti agwiritse ntchito mano a mbali inayo, n'kumanganso. Njinga ya magiya 8 imene ena amainyoza lero, akatswiri amenewo akanaiona ngati chozizwitsa.

Mabuleki alipo ogwira palimu ndi a disiki. Ogwira palimu ndi osavuta, mmisiri aliyense amawadziwa, kungoti mvula ikagwa amachedwa kugwira. A disiki okoka ndi waya ndi abwino ndipo amalola matayala onenepa. A disiki oyendera mafuta amagwira kwambiri kuposa onse, koma akalowa mpweya amafuna zipangizo ndi mafuta akeake. Chimodzi chokha musaiwale: njinga zochokera ku Britain ndi ku Japan, buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, pamene zochokera ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere. Finyani muone kuti dzanja liti likugwira gudumu liti musanafike pa matsitso oyamba. Buleki yakutsogolo ya njinga zimenezi ndi yamphamvu, ndipo kuifinya mwadzidzidzi mukuganiza kuti ndi yakumbuyo kumamuponya munthu pamwamba pa handulo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ambiri mwa ife njinga yoyamba idzakhala yoti wina anagwiritsapo ntchito. Palibe cholakwika, njinga yosamalidwa bwino imakhala zaka zambiri. Tiyeni tipite limodzi kwa wogulitsa.

Pitani masana, dzuwa likuwala, ndipo tengani mmisiri wa njinga amene mumamukhulupirira. Mumupatse kangachepe ka tsikulo, adzakupulumutsirani zambiri. Tengani kansanza ndi rula. Pukutani fumbi pamene zitsulo zinalumikizidwa: kuseri kwa khosi la njinga, pansi pa chitsulo chachikulu chotsetsereka, ndi mozungulira pamene mapedulo amalowa. Mukufuna mng'alu, ngakhale wowonda kwambiri. Yendetsani chala kunsi kwa chitsulo pafupi ndi khosi. Mukamva kakutupa kapena penti wokwinyika, njinga imeneyo inagundapo chinthu chamaso, isiyeni. Imani kutsogolo kwake muone ngati miyendo iwiri ya foloko ili yofanana.

Kenako finyani buleki yakutsogolo, kankhirani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kuti gu, gu pakhosi, mabering'i amasuka kapena atha. Nyamulani gudumu, lizungulitseni, maso ali pa mpata wa pakati pa limu ndi labala ya buleki. Ngati mpatawo ukukula n'kuchepa, gudumu lapindika. Kupindika pang'ono mmisiri awongola ndi masipoko, koma limu yophwanyika m'mphepete ndi yofunika kugula ina. Finyani masipoko awiriawiri mozungulira, onse azilimba mofanana. Ikani chala pambali pa limu, pamene buleki imagwira. Pazikhala pathyathyathya. Pakalowa m'kati, limuyo yadyeka ndipo tsiku lina idzang'ambika. Gwirani mkono wa pedulo muugwedeze cham'mbali, usagwedere.

Tsopano rula ija. Pa tcheni chatsopano, kuchoka pa kamsomali kamodzi kufika pa kotsatira ndi theka la inchi. Ikani ziro pakati pa kamsomali kamodzi, ndipo mzere wa mainchi 12 ugwere ndendende pakati pa kena. Kakapitirira ndi mamilimita awiri, tcheni chatha. Kakapitirira ndi atatu kapena kuposa, dziwani kuti chadyanso mano akumbuyo, ndipo mtengo wa zonsezo uchotsedwe pa mtengo wa njinga. Mano akuthwa, opindikira mbali imodzi, akunena zomwezo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaiwala. Choyamba, pemphani kuti amasule chitsulo cha chishalo, muone chikukwera ndi kutsika. Pa njinga imene yakhala nthawi yaitali pachinyontho chimamatirira m'felemu, ndipo chikakanirira, muyezo wanu wa masentimita 71 uja ulibenso ntchito. Chachiwiri ndi zosinthira magiya, zimene pa njinga zimenezi zili pamodzi ndi zogwirira mabuleki. Ndizo zodula kwambiri kusintha. Kwerani, yendani, sinthani magiya onse kukwera ndi kutsika, iliyonse ilowe ndi kamawu komveka. Wogulitsa wokana kuti muiyese ali ndi chimene akubisa.

Pomaliza tembenuzani njinga. Kunsi, pakati pa mapedulo, pali nambala yodindidwa m'felemu. Ikakhala yopalidwa kapena yopakidwa penti mwadala, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu. Njinga zimenezi zimabedwa, mwini wake akuifunafuna, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Lemberanani kalata yogulitsirana, nambala imeneyo ilembedwemo, pakhale ndi mboni. Za pa Facebook ndi pa WhatsApp, musatumize ndalama pafoni, ngakhale ya chikole, njinga musanaigwire ndi manja anu.

Ndalama zanu zonse zisathere pa njinga. Siyani gawo limodzi mwa magawo asanu. Helemeti ndiyo yoyamba, ndipo ndikupemphani kuti imeneyi yokha ikhale yatsopano. M'kati mwake muli chinthu chofewa chimene chimaphwanyika kuti mutu usaphwanyike, ndipo chimagwira ntchito kamodzi kokha. Ya kaunjika mwina inagwira kale ntchito yake pamutu wa wina. Yang'anani chizindikiro cha EN 1078 kapena CPSC m'kati. Ikhale yokwana, yophimba chipumi, lamba womangidwa pansi pa chibwano. Kenako pampu yolowa pa valavu yanu, machubu awiri apadera, zigamba ndi guluu, timapulasitiki totsegulira tayala, nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, ndi botolo la madzi. Funsaninso za kachitsulo kakang'ono kamene kamagwira chosinthira magiya chakumbuyo. Kanapangidwa kuti kazipindika njinga ikagwa pofuna kuteteza felemu, ndipo felemu iliyonse ili ndi kakekake. Mukakapeza, gulani kapadera.

Chishalo chowonda, cholimba, chimaopsa pochiona, ndipo masiku oyamba chimapweteka ndithu. Musathamangire kuikapo khushoni la kabaza. Chofewa kwambiri chimakhuza khungu pa ulendo wautali. Kabudula wa opalasa njinga, wokhala ndi kansalu kofewa m'kati, ndiye amathandiza, ndipo thupi limazolowera pakapita milungu iwiri kapena itatu. Amayi amene sakufuna kuyenda ndi chovala chothina angathe kuvala kabudulayo m'kati, pamwamba n'kuvala china chomasuka, bola chisakhale chitenje kapena siketi yaitali yoti ingakodwe mu tcheni kapena m'masipoko. Nsapato zomatirira ku mapedulo zidikire. Yambani ndi mapedulo wamba ndi nsapato zanu zothamangira. Ndipo tcheni musachithire oilo wakuda wotsala mu injini. Amakoka fumbi, fumbilo n'kumadya tcheni ndi mano omwe. Kadontho ka oilo woyera pa kamsomali kalikonse, kenako pukutani wotsalayo.

Inu amene mukubwerera patapita zaka, makamaka ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwakaonana ndi achipatala. Tsiku loyamba pitani pamalo opanda galimoto, muphunzire kuima, kukhota, kusintha magiya, ndi kuyang'ana kumbuyo njinga osapatuka. Njinga imeneyi imamvera msanga kuposa imene munazolowera, kugwedeza dzanja pang'ono yakhota kale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Simukuyenera kufika pamenepo mlungu woyamba. Mphindi 30, katatu pa mlungu, pa liwiro loti mungathe kulankhula ndi mnzanu, ndi chiyambi chabwino. Sankhani giya yofewa, miyendo izizungulira mopepuka.

Pamsewu, yendani kumanzere, koma musadzipanikize m'mphepete penipeni modyeka, momwe muli mchenga ndi magalasi. Madalaivala athu anazolowera njinga yoyenda pang'onopang'ono, sayembekezera kuti mukubwera pa liwiro la makilomita 30 pa ola, ndiye amalowa kutsogolo kwanu. Minibasi imaima paliponse pamene yaona munthu. Mathiraki a pa M1 amakoka mphepo imene ingakugwedezeni, ndipo pamene msewu wachepa, kupatuka n'kuima kuti adutse si mantha. Pa malo a malonda chepetsani liwiro, pali ana, mbuzi ndi a kabaza okhota osaloza. Valani zowala, m'makutu musaike zomvera nyimbo, ndipo nyamukani m'mamawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa limatentha msanga. Mukapeza gulu la opalasa m'dera lanu, lowani nawo. Amadziwa misewu yabwino, amadziwa mmisiri wodziwa magiya amenewa, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene amayamba kumva kuti wina akugulitsa njinga yosamalidwa.

Nthawi yathu yatha. Mlungu wamawa tidzaphunzira kuchotsa gudumu lakumbuyo ndi kusintha chubu m'mbali mwa msewu, popanda kuitana aliyense. Koma usiku uno, mukamaliza kudya, tengani buku ndi tepi, muimirire kukhoma, wina akuyezeni. Lembani nambalayo pakapepala pamodzi ndi kutalika kwanu, muike m'chikwama, ndipo musapite kwa wogulitsa aliyense popanda kapepala kameneko.

(NYIMBO YOTSEKERA)